Plead, beg, implore, beseech: mmene mungasankhire liwu lochonderera m'Chingerezi osagwada pachabe

Sabata yanga yachiwiri pantchito yomasulira m'khothi ndinagwaditsa bambo wamkulu pasimenti popanda chifukwa. Anali wa zaka za m'ma 50, atavala jekete yakuda yoti yaona masiku, ndipo ankazengedwa mlandu wa mbuzi ziwiri. Mlandu utawerengedwa, amajisitireti anakweza maso n'kufunsa kuti, "How do you plead?" Ine ndi Chingerezi changa cha Fomu 4 ndinkadziwa bwino lomwe kuti plead ndi kuchonderera. Ndiye ndinatembenuka mwamatama n'kunena kuti, "Bambo, akuti muchonderera bwanji?"

Bamboyo anandiyang'ana, n'kuyang'ananso amajisitireti. Kenaka anatuluka m'kabokosi muja n'kugwada akuomba m'manja. "Bwana, ndagwira mwendo wanu. Ndili ndi ana asanu ndi mmodzi, mayi awo ndi odwala." Kumabenchi anthu anafa nacho chiseko. Amajisitireti sanaseke. Anavula magalasi n'kulankhula okha m'Chichewa: "Dzukani bambo. Funso ndi lakuti, mlanduwu mukuuvomera kapena mukuukana?" Bamboyo anadzuka akusasa fumbi m'maondo. "Ndikuukana ndithu. Mbuzizo n'zanga."

Madzulo ake ndinaitanidwa ku ofesi, ndipo zimene ndinauzidwa kumeneko sindizilemba pano. Chimene chinandisowetsa tulo n'chakuti munthu wokana mlandu ndinamuonetsa ngati wouvomera, paja wopempha chifundo kawirikawiri amakhala amene walakwa. Anzanga anandipatsa dzina lakuti a Muchonderera, ndipo ena amandiitanabe choncho ngakhale ndinapuma kalekale. Kuyambira tsiku limenelo ndinagula kakope ka mapeji 40 kamene ndinkalembamo liwu lililonse la Chingerezi lokhudza kupempha, ndi mmene anthu olidziwa ankaligwiritsira ntchito. Zimene ndikupatseni pano zachokera m'kakope kameneko.

Yambani mwayeza kulemera kwa nkhani yanu

M'Chichewa palibe amene amasokoneza zinthu izi. Mchere ukatha mumakapempha kwa aneba. Mwana akakana phala mumamunyengerera. Malume anu akakwiya mumawapembedzera. Alandilodi akabwera ndi loko kuti atseke nyumba, apo ndiye mumachonderera, mwinanso kugwira mwendo kumene. Munthu wogwira mwendo pofuna supuni imodzi ya mchere anthu angamudabwe, ena mpaka kumukayikira mutu.

Chingerezi nachonso chili ndi makwerero otere, kungoti tikamalankhula chilankhulo cha eni sitiona kuti taponda sitepe iti. Pamwamba, pamene munthu waima chilili, pali ask ndi request. Mukatsika pang'ono mupeza urge ndi appeal, pamene mukulimbikira koma ulemu wanu ukadali m'manja. Pansi pake m'pamene pali plead ndi beg. Pansi penipeni, pamene pali misozi ndi maondo, pali implore ndi beseech.

Ndiye musanalembe kapena kulankhula, dzifunseni funso limodzi: nkhaniyi ndikanati ndiinene m'Chichewa, kodi ndikanagwada? Ngati yankho ndi ayi, khalani pa ask kapena request. Mwa makalata khumi amene anthu amabwera nawo pakhonde panga kuti ndiwaonere, ambiri vuto lake limakhala limeneli: munthu wagwada m'Chingerezi pankhani imene m'Chichewa akanangoti "ndimati ndipemphe nawo."

Plead ali ndi nkhope ziwiri

Ndiyambe ndi amene anandichititsa manyazi uja. Liwuli linalowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa, chilankhulo chimene makhothi a ku England anagwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali Anomani, anthu ochokera kumpoto kwa France, atalanda dzikolo mu 1066. Tanthauzo lake loyamba linali kuyankhula mlandu pabwalo. Mu 1362 kunakhazikitsidwa lamulo lakuti milandu izikambidwa m'Chingerezi popeza anthu wamba sankamva Chifalansa, ndipo choseketsa n'chakuti lamulo lomwelo linalembedwa m'Chifalansa. Nkhani ya munthu wamba kuima pabwalo osamva chimene chikunenedwa ndi yakale ndithu. Tanthauzo la kuchonderera linabwera pambuyo. Ine ndinali nditaphunzira mwana osamudziwa kholo lake.

Chimene chingakuuzeni nkhope imene mwakumana nayo ndi kaliwu kotsatira. Mukaona with ndiye kuti pali munthu amene akuchondereredwa: "She pleaded with the driver to stop." Mukaona for ndiye kuti patchulidwa chinthu chimene chikupemphedwa: "They pleaded for more time." Mungathe kuziphatikiza zonse ziwiri: "He pleaded with the landlord for one more week." Munthu amatenga with, chinthu chimatenga for. Lowezani zimenezi ngati pemphero.

Kulakwitsa kumene ndimakumva kawirikawiri ndi "I plead you" ndi "I am pleading to you." Koyambako kumachokera ku Chichewa, chifukwa ife timati ndikukuchondererani, munthuyo ali kale m'kati mwa mneni. Plead salola zimenezo. Popanda with chiganizo chimakhala ngati njinga yopanda tcheni.

Koma mukaona plead atatsatiridwa ndi guilty kapena not guilty, kapena wangoima yekha m'kamwa mwa woweruza, iwalani za kuchonderera. "He pleaded guilty" ndiye kuti anavomera mlandu. "She pleaded not guilty" ndiye kuti anaukana. Potchula mlanduwo mumagwiritsa ntchito to: "He pleaded guilty to theft." Apa ngakhale atolankhani ena amapunthwa, chifukwa khothi likamupeza munthu wolakwa kaliwu kamasintha n'kukhala of: "He was found guilty of theft." Kuvomera wekha ndi to, kupezedwa ndi of.

Poti ndafika pamenepa, ndinene chinthu chimene chingathandize wina amene m'bale wake ali m'chitokosi. Yankho la funso lija lakuti "How do you plead?" limatchedwa plea, ndipo khothi liyenera kutsimikiza kuti wovomera mlandu akumvetsa chimene akuvomera ndi zotsatira zake. Munthu akati "ndikuvomera, koma mbuzizo anandipatsa yekha," ameneyo sanavomere. Kamene kali pambuyo pa "koma" ndi chikano, ndipo woweruza wosamala amalemba kuti waukana mlandu kuti umboni umveke. Womasulira amene wameza "koma" ameneyo n'kungonena kuti "I admit" wamutsekera mnzake yekha. Ndinaona anthu akuvomera chifukwa cha mantha kapena ulemu chabe, poganiza kuti kutsutsa bwana wovala mkanjo ndi mwano.

Pali kankhope kachitatu kakang'ono. "He pleaded ignorance" sikuti anachonderera umbuli, koma kuti anadzikanira ponena kuti sankadziwa. "She pleaded illness and left early" ndiye kuti anapereka matenda ngati chifukwa chochokera msanga. Chimodzimodzi m'mafilimu a ku America mukamva wina akuti "I plead the Fifth," akutchula gawo lachisanu la zosintha za malamulo aakulu a dziko lawo, limene limalola munthu kukana kuyankha funso loti lingamumangitse. Zimenezo n'za kwawo. Musakaziyese pa rodibuloko.

Nthawi yapita ya plead ndi pleaded. Mukaona pled musadabwe, amagwiritsa ntchito anthu a ku America ndi ku Scotland, koma pamayeso a MSCE ndi m'kalata lembani pleaded. Ndipo nachi chinthu chimene chinandisangalatsa nditachitulukira: plea akakhala ambiri timalemba pleas, ndipo katchulidwe kake n'chimodzimodzi ndi please. Si mwangozi kwenikweni, chifukwa onse awiri mizu yawo ili pa liwu limodzi la Chilatini lotanthauza kukondweretsa.

Beg, amene timamukonda mopitirira

Beg ndi wofewa pa galamala. Amalola kuti munthu abwere pompo popanda with: "I beg you." Chinthu chopemphedwa chimatenga for: "She begged him for forgiveness." Chochita chimatenga to: "He begged her to stay." Mukafuna kukaniza, not amabwera to asanafike: "He begged her not to go." Ana a sukulu, apa ndi pamene pali mamalikisi a ulere. Mukapatsidwa chiganizo ngati "Please, please don't tell my father," said the girl, n'kuuzidwa kuti muchisinthe chikhale chonenedwa ndi wina, musavutike ndi said. Lembani "The girl begged me not to tell her father." Please uja wamezedwa ndi begged, simumulembanso.

Polemba, g amawirikiza: begged, begging, beggar. Ndipo samalani ndi chala pafoni. Pakamwa pathu beg ndi bag amamveka ngati mapasa, moti ndalandirapo mauthenga angapo pa WhatsApp akuti "I bag you uncle." Mphwanga wina ndinamuyankha kuti thumba lake likhale la makilogalamu 90, chifukwa la 50 sindikwanamo. Sanamve nthabwalayo, anangotumizanso nambala yoti nditumizepo ndalama.

Vuto la beg ndi fungo limene amayenda nalo. Liwu lomweli ndi limene limanena za munthu wokhala m'mbali mwa msewu atatambasula dzanja: "He begs on the street" ndiye kuti amapemphetsa. Ife timati kupempha si kuba, ndipo n'zoona, koma m'khutu la mwini Chingerezi "I beg you" ndi mawu a munthu amene zamuthina zedi. Mayi amene mwana wake akukomoka pabenchi pachipatala akati "Doctor, I beg you," walankhula bwino, liwulo lagwera pamalo pake. Koma kalaliki wofuna tchuthi cha masiku awiri akalemba choncho, bwana wake amadabwa kuti kwagwanji.

Mafilimu a ku Nigeria awonjezera chisokonezo. Kumeneko "abeg" kapena "I beg" m'chilankhulo chawo cha Pidgin ndi chonde wamba, nthawi zina ngakhale kunyoza kumene, ngati mmene ife tinganenere kuti "iwe tachoka apa." Ndi chilankhulo chokoma ndipo chili ndi malamulo ake, koma si chimene woyang'anira mayeso kapena wolemba anthu ntchito akuyembekezera.

Pali ziganizo zingapo zouma zimene beg alimo koma palibe amene akuchonderera. "I beg your pardon" ndi pepani, kapena "mwati bwanji?" mukakweza mawu kumapeto, mukalinena mouma nkhope itakwinyika limatanthauza "mukuti chani, tabwerezani timve." "I beg to differ" ndi kutsutsa mwaulemu. Ku Nyumba ya Malamulo mumamva phungu akuti "I beg to move," kutanthauza kuti akupereka mfundo kuti ikambidwe, mwambo umene tinatengera ku Britain. Phunguyo sanagwade, waima tayi ali pakhosi.

Kenaka pali "I beg to apply for the post of," chiganizo chimene ambirife tinaphunzitsidwa ndi aphunzitsi amene nawonso anachilandira kwa aphunzitsi a nthawi ya atsamunda. Ine ndemwe kalata yanga yofunsira ntchito ya kukhothi inayamba choncho, ndipo ntchito ndinaipeza. Koma nthawi imeneyo inapita. Lero lembani "I am applying for the post of" kapena "I wish to apply for." Wofunsira ntchito akugulitsa luso lake, wogulitsa tomato pamsika sagwada.

Implore: muli misozi m'kati

Implore anachokera ku Chilatini, ndipo muzu wake ndi liwu lotanthauza kulira mofuula. Ndi muzu womwewo umene uli mu deplore, kudandaula ndi chinthu choipa. Mukakumbukira kulirako simungalakwitse malo ake. Pa galamala amayenda ngati beg, munthu amabwera pompo: "She implored him to come home." Musaikepo with, musaikepo to kapena on pakati pa implore ndi munthuyo. "I implore on you" ndi chiganizo chimene ndachimvapo pamisonkhano, chochokera posakaniza ndi "call on you," ndipo n'cholakwika.

Ndi liwu la m'mabuku kuposa la pakamwa. M'nkhani yopeka limagwira ntchito bwino kwambiri, makamaka pofotokoza maso: "an imploring look" ndi kuyang'ana kuja kwa mwana amene wathyola mbale akumva mapazi a mayi ake pakhomo. Samalani polemba, chifukwa lili ndi l ndi r yemwe, zilembo ziwiri zimene ife Achewa timazisinthanitsa osazindikira. L ndiye amayamba, r amatsatira.

Ndili ndi kadandaulo ndi nyuzipepala zathu za Chingerezi. Sabata sipita osawerenga kuti nduna yakuti "has implored farmers" kuti abzale msanga, kapena kuti mfumu yakuti "has implored" anthu ake kukumba zimbudzi. Ndimayesa kuona m'maganizo nduna ija itatsika m'galimoto yake, misozi ili chuchuchu, ikulirira alimi kuti abzale. Sizichitika. Ndunayo inalimbikitsa, ndipo liwu lake ndi urged kapena called on. Tikamamwaza implore pa nkhani iliyonse, tsiku limene mayi adzaliriredi pamaso pa akuluakulu kuti mwana wake amasulidwe tidzapeza liwulo litasukuluka ngati tiyi wothira madzi kachitatu.

Beseech musiyireni kutchalitchi

Uyu ndi Mngerezi weniweni, sanabwereke kwina. Ndi m'bale wake wa seek, kufunafuna, atamuika be kutsogolo kuti alimbe. Nthawi yapita ili pawiri, besought ndi beseeched, monga seek amapereka sought. Ambirife tinakumana naye m'Baibulo la Chingerezi la King James la mu 1611, mmene Paulo amati "I beseech you" kangapo konse, mwachitsanzo pa Aroma 12:1. A Anglican amamudziwanso kuchokera m'buku lawo la mapemphero la mu 1662, mmene mpingo umayankha mobwerezabwereza kuti "We beseech thee to hear us, good Lord."

Kunja kwa tchalitchi, malo otchuka amene liwuli linagwira ntchito ndi m'kalata imene Oliver Cromwell, mkulu wa asilikali a ku England, analembera akuluakulu a mpingo wa Church of Scotland mu Ogasiti 1650: "I beseech you, in the bowels of Christ, think it possible you may be mistaken." Ankawachonderera kuti aganizeko kuti mwina ndi iwo amene akulakwitsa. Bowels ndi matumbo, chifukwa nthawi imeneyo ankati chifundo chimakhala m'matumbo, monga ife timachiika mumtima. Patangotha mwezi umodzi asilikali ake anagonjetsa a Scotland pa nkhondo ya ku Dunbar. Munthu ankachonderera mfuti zili kumbuyo kwake. Mpingo womwewo, pakadutsa zaka zoposa 200, ndi umene unadzatsegula mishoni ya Blantyre mu 1876.

Lero mukauza mnzanu wa ku Leeds kapena ku Johannesburg kuti "I beseech you," aseka poyesa mukuchita sewero. Ndipo mwina ndi ntchito yokhayo imene yatsala kunja kwa pemphero: kuseka. Mayi a kunyumba kwanga akakana kundipatsa chiponde china ndimati "I beseech thee," iwo n'kuyankha kuti shuga wanga sadziwa Chingerezi.

Entreat ndi supplicate muwazindikire powerenga basi. Entreat ndi kuchonderera kwa m'mabuku akale. Supplicate muzu wake ukunena za kupinda maondo, ndipo dzina lake supplication mulipeza m'mapemphero. Pray nayenso kale ankatanthauza kupempha munthu, n'chifukwa chake loya m'khothi amati "it is our prayer that bail be granted." Sakupemphera, akupempha belo. Womasulira wina wachinyamata amene ndinkamuphunzitsa anafuna kuuza anthu kuti atsinzine.

Appeal ndiye wothandiza kwambiri kwa olemba zikalata za mpingo, za sukulu kapena za m'mudzi, chifukwa ndi wolimba koma wosagwada. Munthu amatenga to, chinthu chimatenga for: "We appeal to well-wishers for iron sheets." Mukaona against, mwabwereranso kukhothi: "He appealed against the sentence" ndi kuchita apilo.

Tiyese pa kalata yeniyeni

Chaka chatha mdzukulu wanga wa ku koleji anabwera ndi kalata yopita ku ofesi ya zachuma. Anali ndi ngongole ya fizi, ndipo ankaopa kuti samulola kulemba mayeso. Inayamba motere: "I humbly beg and beseech your good office to have mercy upon me a poor student." Inapitirira tsamba lonse, umasiye ulimo, njala ilimo, vesi lilimo. Ndinaiwerenga kawiri n'kumufunsa kuti, "Nanga iwe, ngongoleyo ndi zingati? Ulipira liti?" M'kalata monse munalibe nambala ngakhale imodzi.

Mwanayo sanalakwe mtima. Iye ankafuna ulemu, ndipo ulemu wa Chichewa amaudziwa: kunjuta, kuomba m'manja, kunena "inu" ndi "a", kuzungulira kaye usanafike pa nkhani. Atafika m'Chingerezi anapeza you ndi mmodzi yemweyo kwa mwana ndi kwa agogo, ndiye anaona ngati kalata ili maliseche. Anayamba kuiveka beg ndi beseech. Chimene sanadziwe n'chakuti Chingerezi chimabisa ulemu wake m'timawu ting'onoting'ono: would, could, may, grateful, possible. "Give me more time" ndi lamulo. "Please give me more time" ndi lamulobe, longodzola mafuta. "Could you give me more time?" ndi pempho. "I would be grateful if you could give me more time" ndiye kunjuta kwa Chingerezi kumeneko.

Tinakhala pansi n'kuilembanso. Chiganizo choyamba chinati iye ndani, nambala yake ya pasukulu ndi chaka chimene ali. Chachiwiri chinati: "I am writing to request permission to sit my examinations while I clear my outstanding balance." Chachitatu chinatchula ndalama zimene walipira kale, zimene zatsala, ndi tsiku limene adzamalize, malume ake akagulitsa soya. Chachinayi chinafotokoza vuto la kunyumba m'mizere iwiri yokha. Chomaliza: "I would be grateful if you could consider my request." Kalata yonse inakwana theka la tsamba. Iye anaiyang'ana mokayika n'kunena kuti, "Agogo, koma sizikumveka zachisoni." Ndinamuuza kuti wa ku ofesi uja amawerenga zachisoni tsiku lonse, chimene amasowa ndi tsiku ndi nambala zoti alembe m'buku lake.

Onaninso request m'chiganizo chija. Akakhala mneni satenga for: "I request permission," osati "I request for permission." Akakhala dzina m'pamene for amabwera: "my request for permission." Kulakwitsa uku kwafala moti kumapezeka ngakhale m'makalata a m'maofesi aakulu, koma wokonza mayeso amakudula ndithu.

Nanga zikafika poti kugwada n'koyeneradi? Pamenepo musachite manyazi, koma gwadani kamodzi. Nenani nkhani yonse m'mawu wamba, ndipo liwu lolemeralo mulisunge mpaka pamene pali mtima wa pempho lanu: "I am pleading with you to reconsider." Kamodzi kokha. Humbly beg, kindly plead, earnestly beseech zikaunjikana m'kalata imodzi zimaphana mphamvu, ngati anthu atatu olira maliro mopikisana.

Njira imene ine ndinaphunzirira, ndipo ndimauza aliyense, ndi ya kakope ija. Musalembe liwu lokha ndi tanthauzo lake, chifukwa ndi mmene ndinagwaditsira bambo uja. Lembani chiganizo chonse mmene mwachimvera pa wailesi kapena mwachiwerengera, mudule mzere pansi pa kaliwu kotsatira, ndipo pambali mulembe amene ananena ndi amene ankauzidwa. Pakatha mwezi mudzaona nokha kuti plead amayenda ndi with, kuti implore amakonda nkhani za imfa ndi moyo, ndi kuti beseech simunakumane naye kwina kulikonse koma Lamulungu.

Kumasulira kochokera ku Chichewa kupita ku Chingerezi kunali ndi misampha yakenso. Munthu akapezeka wolakwa amapatsidwa mpata wodandaula chilango chisanaperekedwe, chimene maloya amachitcha mitigation. Apa ndiye pamene kuchonderera kwenikweni kumachitikira m'khothi, ndipo apa m'pamene ndinkamva Chichewa chokoma kuposa cha m'buku lililonse. "Bwana, ndine nkhuku yanu." "Ndinapalamula, koma ana anga adya chiyani?" "Ndagwira mwendo wanu." Mnzanga wina anamasulirapo kuti "I am holding your leg, Your Worship," ndipo amajisitireti, amene anali mlendo wosamva Chichewa, anasuzumira pansi pa tebulo. Ine ndinkati "He begs for the mercy of the court" munthu akagwetsa misozi, ndipo "He pleads for leniency" akalankhula modekha. Mawu a nkhuku aja sindinawapezere Chingerezi chake m'zaka zonse zimene ndinagwira ntchito. Ndinkangoti "He says he is entirely in your hands," kenaka n'kuyang'ana pansi podziwa kuti nkhuku ija yathawa.